Tisatenthe Nkhope za Amai Athu Chifukwa cha Tindevu

Abale ndi alongo a m'nthambi zathu za ku Mua, Golomoti ndi Mtakataka, nkhani ya lero ena adzaiyesa yaing'ono, yosayenera kulowa m'kalata muno m'mene timakamba za minda, misika ndi mitengo ya mbeu. Koma nkhani imene imatha ndalama m'nyumba, nitumiza amai kuchipatala ndi nkhope zamatuza, nichititsa kuti nkhalamba itchedwe mfiti, siiri yaing'ono ai. Ndi ya mudzi wonse, chifukwa chache tiyenera kuikamba pabwalo.

Nkhaniyo ndi ya ndevu za amai. Kuno kuchigwa palibe mudzi wopanda mai kapena mtsikana wa tindevu pachibwano, pamlomo wapamwamba kapena m'mbali mwa masaya. Makolo athu ena anali kuzisiya, ena anali kuzizula mwakachetechete m'nyumba, moyo nupitirira. Lero m'misika mwafika timabokosi ndi timachubu ta mankhwala, ndipo m'mafoni, pa Facebook ndi pa TikTok, muli alangizi osaphunzira udotolo amene akuti, "Usamete, ungoziyeretsa kuti zisaoneke." Ganizo lathu tilinene msanga kuti ali yense adziwe pamene taima. Mankhwala oyeretsa ndevu sachotsa ndevu. Pa khungu lakuda sazibisa. Amatha kutentha nkhope. Ndipo mafuta oyeretsa khungu amene amagulitsidwa pambali pache amathanso kumeretsa ndevuzo. Chimene mai wa tindevu asowa ndi uphungu wa kuchipatala ndi ulemu wa anansi ache.

M'KABOKOSIMO MULI CHIANI?

Tsitsi ndi ndevu zimada chifukwa cha utoto wachibadwa umene madotolo amautcha melanin, ndipo ndi utoto womwewo umene umadetsa khungu lathu. Mankhwala oyeretsa ndevu amadza awiri m'kabokosi kamodzi: mafuta oyera m'kachitini ndi ufa pang'ono m'kapaketi. M'mafutamo muli hydrogen peroxide, yemwe uja amachita thobvu akathiridwa pa chilonda. Mu ufamo muli mankhwala a mtundu wa ammonia, a pfungo lolasa m'mphuno. Ziwirizi zikasakanizidwa ndi kupakidwa, ammonia amafewetsa tsitsi ndi kulitsegula, peroxide nalowa mkati naononga utoto uja. Tsitsilo silithothoka. Limangosanduka lofiirira kapena lachikasu, ngati ndevu za chimanga chokhwima.

Muzu wa tsitsi uli pansi pa khungu, kumene mankhwalawo safika. Chotero pakapita masabata owerengeka tsinde latsopano limatuluka lakuda monga kale, ndipo mai ayenera kubwereranso kwa wogulitsa. Amene wayamba njira imeneyi wadzilembera yekha msonkho wa mwezi ndi mwezi.

Tsono mverani chimene wogulitsa sanena. Mankhwala awa anapangidwira akazi a khungu loyera ndi tsitsi lakuda, a ku Ulaya, ku America ndi ku India. Pa iwo tsitsi likayera limafanana ndi khungu, nilibisika. Nanga ife? Ufa ukagwera pa nsalu yoyera suoneka. Uwazeni pa nsalu yakuda muone. Tindevu takuda pa nkhope yakuda timaoneka kwa munthu woyandikira yekha, koma tikayeretsedwa timanyezimira padzuwa kuti ndi wa kutsidya kwa mseu yemwe atione. Apo ndi pamene wogulitsa amatulutsa kachubu kachiwiri, nati, "Bvuto ndi nkhope yanu, amai, yeretsani yonse kuti zifanane." Msampha uli pamenepo, ndipo tidzafikako.

ZIMENE AMACHITA PA KHUNGU

Mankhwala amene angathe kudya utoto wa m'tsitsi sangalekerere khungu. Ngakhale atapakidwa bwino lomwe, ambiri amamva kuyabwa, kulasalasa ndi kutentha. Akakhalitsa kuposa nthawi yolembedwa pa kabokosi, imene kawirikawiri ndi mphindi 10, kapena ufa ukachuluka, khungu limapsa, kuchita matuza ndi kusupuka. Ndipo khungu lakuda liri ndi khalidwe lache: pamene papsa, popola pamatsala banga lakuda bii, limene limatha miyezi yambiri lisanazimirire. Mai amene anali kubisa tindevu tisanu amatsala ndi chipsera chonga chikhato pachibwano.

Ena thupi lao limakana mankhwalawo. Amatuluka zidzolo, nkhope ndi milomo nizitupa. Munthu angathe kupaka kawiri katatu popanda bvuto, kachinai thupi n'kukana. Akalowa m'diso ndi ngozi yeniyeni, pakuti diso silipirira zimene khungu lipirira.

Kumbukiraninso kumene tikhala. Amai athu amatha tsiku lathunthu ali chiweramire m'minda ya mpunga ku Bwanje, m'minda ya thonje ndi chimanga, kapena akuyanika usipa kunyanja, dzuwa la Okutobala liri pamutu. Melanin uja ndi ambulera imene tinabadwa nayo. Abale athu achialubino, amene anabadwa opanda utoto umenewu wokwanira, adziwa bwino m'mene dzuwa limatenthera khungu lopanda chitetezo, kufikira zilonda ndi khansa. Khungu lopsa ndi mankhwala likapita padzuwa ndi pa thukuta limapsa kachiwiri, mabanga nakula.

Choipa koposa ndi njira zachidule zimene amatenga osowa ndalama ya kabokosi. Ufa ndi madzi a kusaluni oyeretsera tsitsi la kumutu, amene mphamvu yache ya peroxide imafika 9 kapena 12 pa 100, sanapangidwire nkhope. Ndipo mu ufa umenewo muli mankhwala otchedwa persulfate amene amadzutsa chifuwa cha mphumu mwa ena, makamaka ogwira nchito m'masaluni amene amaupuma tsiku ndi tsiku. Jiki ndi wochapira nsalu ndi wotsukira chimbudzi, sayenera kukhudza nkhope ya munthu. Madzi a mandimu opakidwa pankhope, munthu n'kutuluka padzuwa, amatha kutulutsa matuza ngati a madzi otentha.

Ngati mai wamva zonsezi koma afunabe kuyesa, ufulu ndi wache, koma asunge izi. Agule okhawo olembedwa kuti ndi a kunkhope, a tsiku losapitirira. Ayambe wapaka pang'ono mkati mwa mkono, nadikire tsiku lathunthu. Pakafiira kapena kuyabwa, awataye. Asapake pa ziphuphu, pa chilonda, pafupi ndi diso, kapena pamene wangometa kapena kuzula kumene. Asaonjeze mphindi. Akamva kutentha asapirire, atsuke pomwepo ndi madzi ambiri oyera. Akalowa m'diso, atsuke ndi madzi oyenderera kwa mphindi 15 kapena 20, napite kuchipatala tsiku lomwelo.

NDEVU ZA AMAI ZIMACHOKERA KUTI?

Funso limene wogulitsa safunsa ndi ili: chameretsa ndevuzo ndi chiani? M'thupi la munthu ali yense muli timadzi toyendetsa thupi, totchedwa mahomoni. Mai ali yense ali nao mahomoni achimuna pang'ono, monganso mwamuna ali yense ali nao achikazi pang'ono. Akachulukirapo, kapena mizu ya tsitsi ikakhala yomvera msanga, cheya chosaoneka chija chimasanduka tsitsi lolimba. Madotolo amawerengera kuti mwa akazi 100 ali onse, 5 kufikira 10 ali nalo tsitsi lotere. Pa msonkhano wa nthambi wa amai 40, ndiye kuti awiri kapena anai akhala nafe pamphasa pomwepo.

Mwa ena ndi za kumtundu chabe: agogo anali nazo, azakhali ali nazo, ndipo palibe nthenda iri yonse. Mwa ena zimadza mai akasiya kusamba, pakuti mahomoni achikazi amachepa, achimuna naonekera. Ndiye chifukwa chache agogo ambiri ali ndi tindevu. Mwa atsikana ndi amai a msinkhu wobereka, choyambitsa chachikulu ndi nthenda ya m'timatumba ta mazira imene madotolo amaitcha PCOS, imene imagwira pafupifupi mai mmodzi mwa 10. Zizindikiro zache ndi msambo wodumphadumpha, ziphuphu zosatha, kunenepa, ndevu, ndi kubvutika kutenga pakati. Ndipo amene ali nayo amagwidwa msanga ndi nthenda ya shuga. Taganizani tsono: mai akutonzedwa kuti sabala, akutonzedwanso kuti ali ndi ndevu, apongozi akunong'ona, mwamuna akuyang'ana kwina, osadziwa kuti ziwirizo ndi nthenda imodzi, ndipo iri ndi chithandizo. Kuyeretsa ndevu za mai wotere kuli ngati kukulungiza khoma limene chiswe chadya mkati.

Mankhwala ena a kuchipatala amameretsanso tsitsi, monga phenytoin wa nthenda ya khunyu. Amene amamwa mankhwala amenewa asawasiye yekha chifukwa cha tindevu. Akambe ndi dotolo. Ndipo pali chizindikiro chimodzi chosafuna kuchedwa: ndevu zikamera mwadzidzidzi m'miyezi yochepa, mau nayamba kukula ngati a mwamuna, msambo nuleka, kungakhale chotupa mkati. Sizichitika kawirikawiri, koma wotere apite kuchipatala sabata lomwelo.

Chithandizo chiripo. Mitundu ina ya mapiritsi olera imachepetsa mahomoni achimuna, ndipo alipo mankhwala ena, monga spironolactone, amene dotolo yekha ayenera kupereka chifukwa sayenera mai woyembekezera. Amafuna kupirira, pakuti kusintha kumaoneka patapita miyezi ngati 6. Podikira, njira yosaopsa ndi yotsika mtengo ndi ya sizasi kapena lezala woyera. Tonse tinamva kuti ukameta zimachuluka ndi kulimba. Mau amenewa anayesedwa kalekale: mu 1928 mai wina wophunzira za thupi ku America, Mildred Trotter, anayeza ndevu zometedwa, napeza kuti kumeta sikusintha kunenepa kwa tsitsi, mtundu wache kapena liwiro la kamereredwe. Limangomveka lokhakhala chifukwa nsonga yadulidwa, monga chiputu cha udzu. Chofunika ndi chakuti lezala akhale wa munthu mmodzi, chifukwa wobwerekana amapatsirana nthenda za m'magazi. Kuzula kumatheka pa tindevu tochepa, koma tsitsi lathu lopotana limakonda kumerera mkati, nilisiya ziphuphu ndi timabanga.

KACHUBU KAMENE KAMERETSA NDEVU

Tibwerere ku kachubu kachiwiri kaja, ka mafuta oyeretsa nkhope yonse. Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. M'mafuta otere mumapezeka zinthu zitatu, ndipo chiri chonse chiri ndi mlandu wache.

Choyamba ndi mankhwala otchedwa steroid. Pa chubu pamalembedwa clobetasol kapena betamethasone. Awa ndi mankhwala enieni a kuchipatala, a nthenda zina za pakhungu, oyenera kupakidwa masiku owerengeka dotolo atalamula. Amayeretsa msanga, ndiye chifukwa chache amakondedwa. Koma akapakidwa miyezi, khungu limapyapyala ngati pepala, timitsempha nitioneka, ziphuphu nizibuka, m'thupi nimuchita mizere yong'ambika, chilonda nichichedwa kupola. Amalowanso m'magazi, nakweza shuga ndi kuthamanga kwa magazi. Ndipo pakati pa zoipa zache zodziwika kwa madotolo onse pali ichi: amameretsa tsitsi pamene apakidwa. Mtsikana amene analibe ndevu amayamba kudzola, pakapita miyezi m'masaya ndi pachibwano mwamera cheya chakuda, ndipo pa nkhope yoyera ija chimaoneka kwambiri. Abwerera kumsika, wogulitsa yemwe uja amgulitsa kabokosi koyeretsera ndevu, kuti akapake pa khungu limene lapyapyala kale. Wogulitsa wadya kawiri, mtsikana wapsa kawiri.

Ife a ku Mua tiri ndi chifukwa china choopera mankhwala amenewa. Pa mishoni pano, pamene Abambo Oyera anafika mu 1902, panatsegulidwa malo osamalira odwala khate mu 1927, ndipo akulu athu akumbukira m'mene nthendayo inadulira anthu zala. Mu 1994 dziko la Malawi linafika pa mlingo wakuti khate lachepa, koma silinathe. Odwala atsopano amapezekabe. Chizindikiro chache choyamba ndi banga lotuwa kapena loyererapo pakhungu, limene silimva kukhudza. Pa khungu lakuda banga lotere limaoneka msanga, munthu nalandira mankhwala aulere a miyezi 6 kapena 12, nachira wosapunduka. Pa khungu loyeretsedwa lidzaoneka bwanji? Zipere nazonso steroid amazibisa pamwamba zikufalikira pansi.

Chachiwiri ndi hydroquinone, amene amaletsa khungu kupanga melanin. Poyamba nkhope imayera. Koma akadzoledwa nthawi yaitali, makamaka ndi munthu wogwira nchito padzuwa, m'masaya, pamphumi ndi pakhosi mumada bii ngati mwaye, khungu nilichita timibulu. Nthendayi dzina lache ndi ochronosis, ndipo dotolo George Findlay ndi anzache a ku Pretoria anaifotokoza mu 1975 ataiona mwa akazi akuda odzola mafuta amenewa. Ikakhazikika, kuichotsa ndi kobvuta zedi.

Chachitatu ndi mercury, chitsulo chamadzimadzi chija cha m'kagalasi kakale koyezera kutentha kwa thupi. Ameneyu kawirikawiri salembedwa pa botolo. Amaononga impso ndi mitsempha ya bongo: kunjenjemera manja, kusowa tulo, kuiwala, kukwiya msanga. Mu 1972 madotolo a ku Nairobi analemba za odwala impso otupa thupi, naona kuti ambiri mwa akaziwo anali odzola mafuta a mercury. Ndipo sathera pa wodzola yekha. Amafika kwa mwana wa m'mimba ndi wa pabere, ndi kwa onse opukutira nsalu imodzi m'nyumbamo. Maiko anapangana za chitsulo chimenechi mu 2013, m'pangano lotchedwa Minamata, dzina la mudzi wa ku Japan kumene mercury wa m'fakitale anapundula ndi kupha anthu odya nsomba. Mu 2023 ku Geneva anagwirizananso kuti chikatha chaka cha 2025 zodzola za mercury zisapangidwenso kapena kudutsa m'malire. Koma pangano la pa pepala silifika lokha pa benchi la pamsika.

AKULU AKUMBUKIRA AMBI

Malonda awa sanayambe dzulo. Akulu akumbukira masiku a Wenela ndi Mthandizi, pamene anyamata anali kubwera kuchokera ku Joni ndi ku Salisbury ndi njinga, magalamafoni, ndi magazini a zithunzi za akazi oyeretsedwa. M'zaka za m'ma 1960 ndi 1970 dzina la Ambi linamveka mudzi uli wonse, kufikira anthu anayamba kuseka za nkhope ya Fanta ndi miyendo ya Coca-Cola. Anthu a malonda anapeza chuma pa bodza limodzi limene atsamunda anatisiira, lakuti choyera ndicho chabwino. Lero bodza lomwelo labvala zobvala zatsopano, likunena za ndevu.

Maiko ena anayesa njira ziwiri, ndipo ife tiphunzirepo. Ku Tanzania mu 1968 anyamata a chipani cha TANU analengeza nkhondo pa madiresi afupiafupi, mawigi ndi mafuta oyeretsa khungu, ndipo amene anabvutika anali akazi, ogwidwa ndi kunyozedwa m'miseu ya Dar es Salaam. Mafutawo sanathe. Ku South Africa madotolo ndi anthu omenyera ulemu wa khungu lakuda analimbana ndi opanga ndi ogulitsa, mpaka mu 1990 boma linaletsa hydroquinone m'zodzola, niletsanso kulengeza malonda ndi mau akuti mafuta awa amayeretsa. Ivory Coast inaletsa mu 2015, Ghana inaletsa hydroquinone mu 2016, ndipo Rwanda mu 2018 inatuma apolisi ndi a zaumoyo kukachotsa mafutawo m'masitolo. Ngakhale kumeneko ozembetsa sanatheretu, koma ndodo inalunjika kwa mwini wache. Mdani ndi wopanga ndi wozembetsa. Mai wodzola ndi mlongo wathu wonyengedwa.

MLANDU ULI PA OSEKA

Wina adzati, "Thupi ndi lache, ndalama ndi zache; nthambi ikulowererapo chiani?" Zoona, mai ali ndi ufulu wofuna kuoneka bwino, ndipo palibe pano amene akuletsa kudzola, kuluka tsitsi kapena kumeta tindevu. Koma tifunse: amamtuma kumsika ndani? Ndi mnyamata wa pa siteji amene amapfuula "abambo" mtsikana akudutsa. Ndi mwamuna amene amati kwa mkazi wache, "M'nyumba muno amuna tiri awiri." Ndi amai anzache a pa mjigo amene amatsinana akamuona. Ndi abambo otama mkazi woyera pa mowa, akazi ao akumva. Munthu sapaka moto pankhope pache chifukwa chokonda moto; amathawa kuseka kwathu.

Pa agogo mlandu umakula. M'midzi ina nkhalamba ya ndevu, ya maso ofiira ndi utsi wa pamoto wa zaka zambiri, imalozedwa chala kuti ndi mfiti. Tanena kale kuti ndevu za agogo ndi za msinkhu, monga imvi. Kumene kuloza chala kumathera tidziwa: mu Januwale 2016 ku Neno okalamba anai anaphedwa ndi anthu a m'mudzi mwao, atanenedwa kuti ndiwo anatumiza mphezi. Lamulo la za ufiti la 1911 limati kunena munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu. Membala wa nthambi amene amva mau otere nakhala chete wathandiza kunola nkhwangwa. Mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo, usamuonenso tindevu.

NTHAMBI ICHITE CHIANI?

Kuno kwathu tinaona kuti mudzi ukagwirizana zinthu zimasintha. Inkosi Theresa Kachindamoto itaitana mafumu, makolo ndi amai a m'midzi, maukwati a ana oposa 800 anathetsedwa pofika 2016, atsikana nabwerera kusukulu. Nkhani ya lero ndi yopepuka poyerekeza ndi imeneyo. Tikupempha nthambi iri yonse izi:

1. Pa msonkhano ukudzawu kalata iyi iwerengedwe mokweza, amuna ali pomwepo, chifukwa theka la mlanduwu ndi lao.

2. Wapampando wa amai aitane mlangizi wa zaumoyo kapena namwino kuti adzakambe ndi amai paokha, kumene mai angafunse za msambo, ndevu ndi kubereka popanda manyazi. Anankungwi akhalepo, kuti mau omwewo akalowe ku chinamwali ndi ku chilangizo.

3. Mai kapena mtsikana wa ndevu pamodzi ndi msambo wosalongosoka, kapena wa ndevu zomera mwadzidzidzi, aperekezedwe kuchipatala cha Mua kapena china chapafupi. Atenge mafuta onse amene amadzola, ndi mabokosi ache, akaonetse. Safunsa anadya phula.

4. Amene wadzola steroid miyezi yambiri asasiye tsiku limodzi payekha, chifukwa nkhope imabwezera ndi kufiira, kutentha ndi ziphuphu, ndipo ambiri amabwerera ku chubu poyesa kuti ndicho chimawachiza. Dotolo amuuze kasiidwe kache pang'onopang'ono. Mai woyembekezera kapena woyamwitsa auze anamwino a kusikelo zimene amadzola.

5. Odziwa kuwerenga athandize osadziwa. Mau ofuna kuyang'ana pa botolo ndi awa: clobetasol, betamethasone, hydroquinone, mercury, mercurous chloride, calomel. Botolo losalembedwa za mkati mwache, kapena mafuta osakanizidwa ogulitsidwa pa sipuni, zisalowe m'nyumba.

6. Makomiti a misika ya Golomoti, Mtakataka ndi Mua, pamodzi ndi mafumu, akambe ndi ogulitsa. Ambiri a iwo ndi ana athu omwe, ofuna ya mchere, ndipo sadziwa chimene agulitsa. Achenjezedwe mwaulemu. Okanika adziwitsidwe ku ofesi ya zaumoyo ya boma la Dedza, pakuti alipo mabungwe a nchito imeneyi: Pharmacy and Medicines Regulatory Authority, lokhazikitsidwa ndi lamulo la 2019 kuyang'anira mankhwala, ndi Malawi Bureau of Standards, limene layang'anira katundu wa m'masitolo chiyambire 1972. Makhansala ndi aphungu afunsidwe pa misonkhano kuti oyendera a mabungwe amenewa amafika liti m'misika ya kumudzi.

7. Membala asagwire, asalande katundu, asanyoze mai ali yense chifukwa cha nkhope yache, yoyeretsedwa kapena yandevu. Wochita zotere ayankhe pa komiti.

Abale ndi alongo, wakutsina khutu ndi mnansi. Ndalama imene ikupita ku timabokosi mwezi ndi mwezi ndi ya sopo, ya makope a ana, ya mbeu. Nkhope imene ikupsa ndi ya mkazi wanu, ya mwana wanu, ya mlongo wanu. Abambo, mukafika kunyumba madzulo ano, mau oyamba akhale anu: muuzeni mkazi wanu kuti munamkwatira ndi khungu lachelo, ndipo tindevu sitinasinthe kanthu. Amai, mukakumana pa mjigo mawa, amene adziwa auze mnzache.